Mimba ya bwana ndi impso za amalume

Lero ndi tsiku langa lolankhula, ndipo nkhani yanga ndi ya mimba. Sindikunena mimba ya mwana ayi. Ndikunena mimba ya azibambo ndi azimayi athu, ija imayamba kutsogola munthu akafika zaka 40. Ndikufuna tikambirane mmene mimba imeneyi imakhudzira impso. Kwa amene mawuwa ndi achilendo, impso ndi ziwalo ziwiri zooneka ngati nyemba, zokhala m'munsi mwa nthiti, uku ndi uku kwa fupa la msana. Ikakhala imodzi timati impso yanga, zikakhala ziwiri timati impso zanga. Dzina silisintha.

Tonse amene tinakulira kuno tikudziwa zimene zimachitika tikatsika ndege ku Lilongwe kapena ku Chileka. Anti amakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako amati, "Eee, koma wanenepa bwanji!" Mnzako wa kusukulu ku Redbridge atakuuza choncho, ubwenzi ukhoza kutha tsiku lomwelo. Koma anti akukuyamikira. Akutanthauza kuti ukudya bwino, ku Ulaya sikunakuzunze. Mwamuna akatulutsa mimba amati ndi mimba ya bwana, zinthu zikumuyendera. Mkazi akanenepa atalowa m'banja amati mwamuna wake akumusamala.

Pali chifukwa china chimene sitikamba kawirikawiri. Makolo athu ambiri anachoka ku Malawi m'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, nthawi imene Edzi inkapha anthu pafupifupi m'banja lililonse. Matendawa ena ankawatcha kaliwondewonde. Munthu akayamba kuonda, anthu ankanong'onezana. Ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004, ndipo chapafupi pomwepo, mu 2002, kunali njala yoopsa. Ndiye amayi anga akamva mawu oti kuchepetsa thupi samva zimene ndimamva ine. Ine ndimaganiza za jimu. Iwo amakumbukira maliro a azichemwali awo. Amene sakudziwa mbiri imeneyi asayerekeze kuuza munthu wamkulu wa ku Malawi kuti achepe.

Tsopano amalume anga. Ndi achimwene awo a amayi, amakhala ku Seven Kings, ndipo agwira ntchito yosamalira okalamba zaka zoposa 15, zambiri mwa izo mashifiti a usiku. Sasuta fodya. Mowa amamwa pa ukwati kapena pa Khirisimasi basi. Manja ndi miyendo yawo ndi yaing'ono, moti ukawaona kumbuyo unganene ndi mnyamata. Mimba yokha ndi imene inakula.

GP anawatumizira kalata ya NHS Health Check. Imeneyi imabwera kwa anthu a zaka 40 mpaka 74 kuno ku England, kamodzi pa zaka 5, ndipo ndi yaulere. Kalatayo inakhala pa firiji miyezi iwiri mpaka anti atatopa nayo n'kuwaimbira okha foni kukapangana tsiku. Kumeneko BP inapezeka yokwera. Anawatenga magazi ndi mkodzo, kenako anawatenganso patatha miyezi itatu. Lamulungu lina titachoka kutchalitchi anandipatsa pepala n'kunena kuti, "Iwe wa sukulu, tandiwerengere izi. Akuti impso, koma ine sindikumva kupweteka paliponse."

Amalume Chingerezi amachidziwa bwino, koma Chingerezi cha m'kalata ya chipatala ndi chinenero chachenso. Ankafuna munthu awauze m'Chichewa, chifukwa nkhani ya thupi lako imalowa bwino m'chilankhulo cha kwanu. Ine Chichewa changa ndi cha kukhitchini: bwera kuno, tsuka mbale, wadya kale? Ndinawapempha sabata imodzi. Ndinawerenga zolemba za NHS ndi za NICE, bungwe limene limalemba malangizo a zaumoyo kuno, ndipo mawu a Chichewa ndinkawafunsa kwa amayi usiku uliwonse. Zimene ndinawafotokozera amalume ndi zimene ndikufotokozereni inu.

Impso ndi sefa. Mukudziwa sefa imene agogo amasefera ufa akachoka kuchigayo? Mu impso iliyonse muli timasefa pafupifupi 1 miliyoni, tating'ono kwambiri moti sitioneka ndi maso. Tsiku lililonse timasefa timeneti timasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180. Ambiri mwa madziwo amabwerera m'thupi, ndipo lita imodzi kapena awiri okha ndi amene amatuluka ngati mkodzo, atanyamula zoipa. Impso zimayang'aniranso mchere m'thupi, zimathandiza kuti BP ikhale pamalo ake, ndipo zimatumiza uthenga woti thupi lipange magazi atsopano.

Papepala la amalume panali manambala awiri. Yoyamba inali eGFR, imene imachokera m'magazi ndipo imanena liwiro limene impso zikusefera. Ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi itatu kapena kuposerapo, madokotala amati ndi matenda a impso okhalitsa. Ikatsika pansi pa 15, impso zalephera. Ya amalume inali 54. Yachiwiri inali ACR, imene imachokera mu mkodzo ndipo imaonetsa ngati puloteni akutayika. Puloteni amayenera kutsala m'magazi. Akapezeka mu mkodzo ndiye kuti sefa yayamba kubooka, madeya akudutsa. Kuno ACR ikafika 3 kapena kuposerapo amayamba kuyang'anitsitsa, ndipo ya amalume inali itadutsa pamenepo. Kutupa mapazi, mkodzo wathovu, kutopa, kuyabwa thupi, zonsezi zimabwera mochedwa. Munthu akhoza kutaya theka la mphamvu ya impso akupitabe kuntchito bwinobwino.

Nanga mimba ikubwera pati? Mafuta a m'thupi ali mitundu iwiri. Ena ali pansi pa khungu, aja mutha kuwatsina pantchafu kapena pamkono. Ena ali m'kati mwenimweni, mozungulira matumbo, chiwindi ndi impso. Amene munaonapo mbuzi ikusendedwa kumudzi, kapena munayang'anitsitsa m'mabutchala a mu Ilford Lane, mukudziwa kuti impso imakhala itakutidwa ndi mafuta oyera olimba. Pang'ono ndi abwino, amateteza. Akachuluka ndi amene amakankhira mimba kutsogolo n'kuilimbitsa ngati ng'oma. Mafuta a m'katiwa sagona. Amatulutsa zinthu m'magazi usana ndi usiku, ndipo amafika ku impso kudzera njira zitatu.

Njira yoyamba ndi shuga. Mafuta a m'kati amapangitsa thupi kusiya kumvera insulin, ndiye shuga amatsala m'magazi. Shuga wochuluka kwa zaka zambiri amawononga timitsempha ta mu timasefa tija. Njira yachiwiri ndi BP. Mafutawa amadzutsa mahomoni amene amafinya mitsempha ndi kuuza impso kuti zisunge mchere ndi madzi. Magazi amayenda mwamphamvu kwambiri, ndipo sefa yanthete imamenyedwa ngati yaikidwa pansi pa mpope wotsegula mpaka mapeto. Impso zikavulala BP imakweranso, BP ikakwera impso zimavulalanso, zimangozungulira choncho. Shuga ndi BP ndiwo amayambitsa kwambiri matenda a impso padziko lonse. Njira yachitatu ndi yachindunji. Thupi likakula, impso sizionjezera timasefa. Tomwe tija timakakamizika kugwira ntchito yowirikiza, timatupa, kenako tina timachita zipsera n'kufa, ndipo totsalato timalandira katundu wa anzake. Mafuta ozungulira impso amathanso kuipanikiza. N'chifukwa chake munthu wamimba akhoza kudwala impso ngakhale alibe shuga. Nkhaniyi ndi yodziwika moti pa World Kidney Day ya 2017, tsiku limene limachitika Lachinayi lachiwiri la mwezi wa Marichi, mutu wake unali kunenepa ndi matenda a impso.

Amalume anandidula mawu. "Koma ine sikelo siinena kuti ndine wonenepa. Ndipo thalauza ndimavala saizi 34 kuyambira kale." Zoona, thalauzalo ndi 34, koma lamba amamangira pansi pa mimba. Sikelo nayo imangonena kulemera kwa munthu yense, siinena kumene mafuta akhala. Pali muyezo wa BMI, umene umayerekeza kulemera ndi msinkhu. Kwa azungu, vuto limayambira pa 25 ndipo kunenepa kwenikweni pa 30. Kwa ife anthu akuda, komanso anzathu ochokera ku India, Pakistan ndi Bangladesh amene tadzaza nawo Ilford, NICE inatsitsa manambalawo kufika pa 23 ndi 27.5, chifukwa shuga amatipeza tisanalemere kwambiri.

Mu 2022 NICE inaonjezera muyezo wina wosavuta: kuzungulira kwa mimba yanu kusafike theka la msinkhu wanu. Simufunika kompyuta kapena sikelo. Tengani chingwe, chiyezeni kuyambira kuphazi mpaka pamutu, dulani. Chipindeni pakati. Chizungulizeni pamimba, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, pamwamba pang'ono pa mchombo. Pumirani kunja mwachizolowezi, osakokera mimba m'kati ngati mukujambulitsa. Nsonga ziwiri zikakumana, muli bwino. Zikalephera kukumana, mpata umenewo ndiwo nkhani. Amene mumakonda masamu, gawani kuzungulira kwa mimba ndi msinkhu. Kuyambira 0.5 mpaka 0.59 chiopsezo chakwera, kuyambira 0.6 chakwera kwambiri.

Kufotokoza kunali kosavuta. Kuyeza ndiye kunali nkhani ina. Kwa ife Achewa, amalume ndi mwini mbumba, munthu amene amaima patsogolo pa ukwati wako, pa mlandu wako, pa maliro a amayi ako. Sungabwere ndi chingwe n'kuwagwira pamimba ngati telala. Ndiye ndinadziyeza ndekha poyamba, pamaso pa onse, pabalaza. Nsonga zanga zinakumana movutikira, ana onse kuseka. Kenako ndinapereka chingwe kwa anti n'kupita kukhitchini kukaika ketulo. Ndili komweko ndinamva anti akuti, "Bambo, musabise mimba, pumani." Amalume ndi aatali masentimita 170, ndiye theka ndi 85. Mimba inali 103. Nditabwera ndi tiyi anali chete, chingwe chili m'manja. Anangoti, "Ndiye bwana uja ndi ameneyu."

Pali zinthu ziwiri zokhudza ife anthu akuda zimene ndi bwino muzidziwe. Kwa zaka zambiri, eGFR ya munthu wakuda inkakwezedwa ndi masamu apadera, poganiza kuti tili ndi minofu yambiri. Zotsatira zake, impso zinkaoneka zabwinopo papepala kuposa mmene zinalili. NICE inachotsa masamu amenewo mu Ogasiti 2021. Ngati makolo anu anayezedwa kale chaka chimenecho chisanafike n'kuuzidwa kuti zonse zili bwino, palibe choipa kuyezetsanso. Chachiwiri ndi cha kumtundu. Mu 2010 asayansi anapeza kuti mitundu ina ya jini yotchedwa APOL1, yopezeka mwa anthu ochokera ku Africa, imakweza chiopsezo cha matenda a impso. Chodabwitsa n'chakuti mitundu yomweyo imathandiza thupi kulimbana ndi tizilombo ta kaodzera, matenda ofalitsidwa ndi ntchentche za kashembe, amene mpaka lero amapezeka cha ku Nkhotakota ndi ku Rumphi. Mitunduyi ndi yochuluka kwambiri kumadzulo kwa Africa kuposa kwathu, ndipo jini sitingaisinthe. Mimba, mchere ndi BP tingasinthe.

Impso zikalephera, chotsala ndi dayalisisi kapena kulandira impso ya munthu wina. Dayalisisi ya kuchipatala ndi katatu pa sabata, maola pafupifupi anayi ulendo uliwonse, magazi akutuluka kupita m'makina n'kubwerera. Kwa ife a kum'mawa kwa London, likulu la chithandizochi ndi Royal London Hospital ku Whitechapel. Anthu akuda amadikira impso nthawi yaitali kuposa azungu, chifukwa opereka ofanana nawo ndi ochepa, ngakhale lamulo linasintha pa 20 Meyi 2020 kuti akuluakulu ku England aziwerengedwa kuti avomera kupereka ziwalo pokhapokha atakana. Amalume atamva za katatu pa sabata, funso lawo loyamba linali lakuti, "Ndiye kumudzi ndizipita bwanji?" Akumanga nyumba ku Dedza, ndipo loto lawo lonse ndi kukapumira kumeneko.

Funso limenelo ndi lolemera. Ku Malawi dayalisisi ya boma imadziwika ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Makina ndi ochepa poyerekeza ndi anthu owafuna, ndipo munthu wa ku Nsanje kapena ku Chitipa ayenera kusamukira m'tauni kuti akhale ndi moyo. Ofuna kuikidwa impso ina nthawi zambiri amapita kunja, makamaka ku India. Pamene kafukufuku wa STEPS, wa boma la Malawi ndi WHO, anachitika mu 2009, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Timatumiza ndalama za fizi, za feteleza, za malata. Titha kutumizanso uthenga wa chingwe pa WhatsApp, ndi kupempha abale kuti akapita kuchipatala akayezetse BP ndi shuga.

Nsima sinaletsedwe, mtima pansi. Chimene chinasintha kwa amalume ndi chiwerengero. Mitanda itatu inakhala iwiri, ndipo mbali yaikulu ya mbale inatengedwa ndi masamba: repu, kabichi, therere, nkhwani tikaupeza. Mafuta ophikira anti anayamba kuyeza ndi supuni m'malo mothira kuchokera m'botolo. Mchere ndiwo unavuta. Malangizo a kuno amati munthu wamkulu asapitirire magalamu 6 patsiku, pafupifupi tiyisupuni imodzi, ndipo umenewo ukuphatikiza mchere wobisala mu buledi, mu masoseji ndi mu timakyubu tokometsera ndiwo. Masabata oyamba amalume ankati ndiwo zikukoma ngati za kuchipatala. Patatha mwezi lilime linazolowera. Fanta wa pa shifiti analowedwa m'malo ndi madzi ndi tiyi wopanda shuga, ndipo nkhuku ndi tchipisi za pa High Road m'bandakucha zinalowedwa m'malo ndi kontena ya kunyumba. Chenjezo limodzi: munthu amene impso zake zafooka kwambiri nthawi zina amauzidwa kuchepetsa zinthu monga nthochi, mbatata ndi masamba ena chifukwa cha potassium, ndiye zakudya za wodwala zikambidwe ndi dokotala wake.

Ntchito yonyamula okalamba imapweteketsa msana, ndipo amalume ankamwa ibuprofen pafupifupi tsiku lililonse. Mankhwala a gulu limenelo, pamodzi ndi diclofenac, amachepetsa magazi opita ku impso, ndiye dokotala anawaletsa. Anawafunsanso ngati amamwa mankhwala azitsamba otumizidwa kuchokera kumudzi, chifukwa ena mwa iwo amapweteka impso. Anawapatsa mapiritsi a BP a gulu lija mayina ake amathera ndi pril kapena sartan, amene amachepetsa mphamvu ya magazi m'kati mwa timasefa. Palinso mankhwala atsopano monga dapagliflozin, amene NICE inawavomereza pa matenda a impso mu 2022, ndipo dokotala ndi amene amaona woyenera kumwa.

Pa zolimbitsa thupi, amalume ankafuna kugula lamba wa pa intaneti woti amasungunula mimba. Palibe lamba wotero, ndipo masitiapu amalimbitsa minofu koma sasankha mafuta a pamimba. Chimene chimagwira ntchito ndi kuyenda thupi lonse, mphindi 150 pa sabata monga NHS imanenera. Ubwino wake, mafuta a m'kati amakonda kuyamba kuchepa msanga munthu akayamba kuyenda ndi kuchepetsa chakudya. Ku Valentines Park kuli parkrun Loweruka lililonse 9 koloko m'mawa, makilomita 5, yaulere, ndipo oyenda pansi amaloledwa. Amalume anati iwo sangathamange pagulu ngati akuthawa apolisi. Ndiye timayenda, ine ndi iwo, kumbuyo kwenikweni. M'maulendo amenewo ndamva mbiri ya banja lathu imene sindinamvepo, ndipo Chichewa changa chakula kuposa mmene chinakulira zaka 10 za m'mbuyomu.

Patatha chaka, mimba inatsika kufika 96. BP inakhazikika. Puloteni mu mkodzo anachepa. Koma eGFR inali pomwe paja, cha m'ma 50. Amalume anakhumudwa. "Ndavutika chaka chonse, nambala osasuntha?" Dokotala anawauza kuti nambala yosasuntha ndiyo mphoto, chifukwa timasefa takufa sitidzuka. Akuluakulu anati madzi akatayika sawoleka. Otsala mumtsuko ndi amene timasamala, ndipo anthu ambiri amene impso zawo zili pa mlingo umenewu safika pa dayalisisi ngati BP ndi shuga zagwiridwa bwino.

Panalinso mtengo wina woti alipire. Kutchalitchi amayi ena anakokera anti pambali n'kufunsa motsitsa mawu, "Bambo aja ali bwino koma?" Pa vidiyo ya WhatsApp, achemwali awo ku Dedza analira atawaona, poganiza kuti tikuwabisira matenda. Apa ndi pamene anthu ambiri amabwerera m'mbuyo, chifukwa kunong'onezedwa kumapweteka kuposa nambala ya papepala. Amalume anasankha kunena poyera. Pa msonkhano wa azibambo anaimirira n'kuti, "Ndili ndi vuto la impso, ndikuchepetsa mimba dala, ndipo enanu mimba zanu zikuposa yanga." Anthu anaseka, koma awiri anawaimbira foni sabata yomweyo kufunsa mmene angayezetsere.

Kwa inu anzanga amene mukuphunzira Chichewa, nazi ziganizo zoti mukayesere kunyumba. Osanena kuti, "Mwanenepa kwambiri," chifukwa akuyankhani kuti zikomo. Nenani kuti, "Adadi, kodi impso anakuyezani liti?" Kapena, "Amayi, mukapita kwa GP mukapemphe akuyezeni magazi ndi mkodzo womwe." Mawu oti womwe ndi ofunika, chifukwa mkodzo umatha kuonetsa vuto magazi asanaonetse, ndipo nthawi zina umaiwalika. Amene ali ndi shuga kapena BP ayenera kuyezedwa impso pafupipafupi, kawirikawiri kamodzi pachaka. Mukafuna kufewetsa mawu, nenani kuti, "Tikufuna mudzaone zidzukulu." Chimenecho sichilephera kawirikawiri.

Ndanena kuti kawirikawiri chifukwa kwathu kwatsala munthu mmodzi. Adadi anga ali ndi zaka 58, amayendetsa basi, amakhala pampando tsiku lonse, ndipo mimba yawo ikuposa imene amalume anali nayo. Akuti za zingwe ndi za alamu awo, iwo ali bwino. Sindikangana nawo. Chingwe chawo ndinadula kale, ndinayeza pa chitseko pamene mutu wawo umafika, ndipo chili mu dirowa ya masupuni pamene amachiona m'mawa uliwonse akamapanga tiyi. Amayi akuti sabata yatha anachitulutsa, anachiyang'ana, n'kuchibwezera. Amalume akuti ndiwasiyire iwo, nkhani za azibambo zimakambidwa m'galimoto. Loweruka likubwerali apita limodzi ku Barking kukagula ufa.

Musamale impso zanu, ndipo mukapereke moni kunyumba.